Munthu mmodzi, mayina angapo: mmene Ajeremani amatchulira opalamula

Mayi wina amene akuphunzira unamwino ku Hamburg wandilembera imelo. Akuti m'nyuzipepala munthu yemweyo lero akutchedwa Beschuldigter, pakapita miyezi Angeklagter. Funso lawo: "Bwanji osangonena kuti Täter, poti wapalamula?"

Mayi, nkhani yagona pa mawu akuti "wapalamula". Täter ndi amene wachitadi chinthucho, choncho khoti lisanagamule, atolankhani amaikapo liwu lakuti mutmaßlich, kusonyeza kuti akungomuganizira. Mayina enawo amakuuzani pamene mlandu wafika. Apolisi akamafufuza, iye ndi Beschuldigter. Oimira boma akakapereka mlandu kukhoti, ndi Angeschuldigter. Oweruza akalola kuti uzengedwe, ndiye Angeklagter. Awiri omalizawa ali m'ndime 157 ya StPO, lamulo la kazengedwe ka milandu.

Pomwe ine pamandikoka mtima ndi ndime 25 mpaka 27 za StGB, buku la milandu ndi zilango. Tinene kuti anyamata athyola golosale usiku. Amene anapangana n'kulowa limodzi, aliyense ndi Mittäter, ndipo amasenza mlandu wonse, osati kagawo kake kokha. Amene anawanyengerera iye n'kukagona kwawo ndi Anstifter, ndipo lamulo limamulanga ngati analowa nawo. Wobwereketsa makwerero akudziwa kokagwira ntchito ndi Gehilfe, iyeyu chilango chimachepa. Kenako pali mittelbarer Täter, wochita ndi manja a wina, monga bambo wotuma mwana wa zaka 10 kukaba, poti ku Germany mwana wosakwana zaka 14 saimbidwa mlandu.

Liwu lomalizali linafika patali. Mu 1963 katswiri wa malamulo Claus Roxin analemba kuti wolamula kudzera mu ulamuliro wa boma ndi Täter weniweni, ngakhale wolamulidwa amene wawomba mfutiyo ali ndi mlandu wakewake. Mu 1994 khoti lalikulu la BGH linatsata ganizoli poweruza akuluakulu a East Germany chifukwa cha anthu omwe anaphedwa pothawa pamalire. Pakamwa pa anthu, wotere ndi Schreibtischtäter, wopha ali pa desiki.

Mudzaonanso Intensivtäter, makamaka nkhani ikakhudza achinyamata obwerezabwereza milandu. Limenelo ndi la apolisi, mu StGB mulibe, ndipo chigawo chilichonse cha dziko la Germany chili ndi muyeso wake. Koma lakuti Gewohnheitsverbrecher, chigawenga chozolowera, musalitole: linali m'dzina la lamulo la chipani cha Nazi la mu November 1933.