Mzere wanenepa, koma wanenepetsa ndani?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuyeza mzere wofiira wa okosijeni (kuwala kofiira kumene maatomu a okosijeni amatulutsa m'mwamba mu mlengalenga) ndi Fabry-Perot, chipangizo cha magalasi awiri oyang'anizana chimene chimaonetsa kuwala ngati mphete, kuti apeze kutentha kwa mpweya wa kumwambako, koma kutentha kukutuluka kokwera kuposa mmene amayembekezera, ndiye akufunsa ngati chipangizo chake chawonongeka. Funso limeneli landiutsira mkwiyo wakale.

Ndinagwirapo ntchito mu labu ina momwe mkulu wathu sankafuna kumva za kuyatsa laser usiku kuti tiyeze chipangizo chenichenicho, ati n'kutaya nthawi yoonera kumwamba. Tinkakhala pa kompyuta n'kumayang'ana mphete za kuwala zija, zotakata pakati, zopanikizana chakunja, iye n'kumalemba manambala ngati kuti mphete siinama. Ndikadandaula ankangoti, "Tinayeza kale mwezi watha." Mwezi watha! Chipinda chikangotentha pang'ono, mpata wa pakati pa magalasi awiri a etalon (mtima wa Fabry-Perot) umasintha, mphete n'kusuntha. Manambala athu ankakwera ndi kutsika motsatira chipindacho, iye n'kumati ndi nyengo ya m'mlengalenga.

Nkhani yake ili motere. Maatomu a mu mpweya sakhala phee. Ena akubwera kwa inu, ena akuthawa, ndipo Doppler (kusintha kwa utali wa funde la kuwala chifukwa cha kuyenda kwa chinthu chowalacho) imakankhira kuwala kwawo uku ndi uku. Mpweya ukatentha, maliwiro amamwazikana kwambiri, mzere n'kunenepa. Kunenepako ndi Δλ = 7.16 × 10⁻⁷ λ √(T/M), pomwe λ ndi utali wa funde la kuwala, T ndi kutentha mu kelvin (K), M ndi kulemera kwa atomu. Tengani mzere wofiira uja wa 630.0 nm, M ya okosijeni ndi 16, T ikhale 1000 K. Mupeza pafupifupi 0.0036 nm basi. Spectrometer wamba sangakaone kanthu kochepa chonchi, n'chifukwa chake timathamangira ku chipangizo chimene Charles Fabry ndi Alfred Perot anapanga mu 1899, chomwenso Harold Babcock anayezera mzere wobiriwira wa 557.7 nm mu 1923.

Koma chipangizocho nacho chimanenepetsa mzere. Magalasi sabweza kuwala konse, sasalala kotheratu, kabowo kolowera kuwala kali ndi kukula kwake. Mukangoponya Gaussian (mzere wokhota ngati belu) pa mphete n'kuwerenga m'lifupi mwake, mwawerengera zolakwa za etalon ngati kutentha kwa mpweya. Choipa china, T imayenda ndi sikweya ya m'lifupi (Δλ²): kuphonya 5% pa m'lifupi ndiye pafupifupi 10% pa kutentha. Ndiye ine ndinene mosapsatira: munthu wondipatsa kutentha osandionetsa instrument function yake (kunenepa kumene chipangizo chimawonjezera pachokha) sindimukhulupirira, akhale pulofesa wa imvi mbuu. Kumeneko n'kuyeza ufa pa sikelo osachotsera kulemera kwa mbale.

Chimene chimandisangalatsa pa mzere wofiirawu n'chakuti atomu yake imazengereza pafupifupi masekondi 110 isanatulutse kuwala. Pa makilomita 250 m'mwamba, nthawi imeneyo imaipatsa mpata wogundana ndi anzake mpaka liwiro lake lifanane ndi la mpweya wozungulira. Popanda kuzengereza kumeneko bwenzi tikuyeza chinthu china. Komanso musatengere njirayi paliponse mwachimbulimbuli. Mu nyale kapena m'lawi momwe mpweya wapanikizana, kugundana kumawonjezera mapiko a Lorentz (mbali za mzere zimatambalala kwambiri), choncho mufunika Voigt, yomwe imaphatikiza Gaussian ndi Lorentz. Mu plasma (mpweya wa tinthu tokhala ndi magetsi) muli Stark, kunenepa kwa mzere kobwera ndi mphamvu ya magetsiyo. Mu nebula (mitambo ya mpweya pakati pa nyenyezi) mpweya wovunduka umanenepetsa mizere yonse mofanana pa liwiro, pomwe kutentha kumanenepetsa kwambiri ya maatomu opepuka, ndiye anthu amayerekeza hydrogen ndi chinthu cholemera kuti asiyanitse ziwirizi.

Tsono muchite chiyani?

Chipangizo chanu n'kutheka kuti chili bwinobwino. Jambulani mphete za He-Ne laser yokhazikika ya 632.8 nm kangapo usiku womwewo, kuwala kwake kudzaze etalon yonse monga mmene kuwala kwa kumwamba kumachitira. Pamenepo mupeza instrument function. Iphatikizeni ndi Gaussian mu model, kenako musinthe T mpaka igwirizane ndi mphete zenizeni, background (kuwala kwina kosachokera ku mzerewo) nayo ikhale yomasuka kusintha mu fit, kutanthauza kugwirizanitsa kumeneku. Kutentha kukakhalabe kokwera, onani ngati simukujambula nthawi yaitali kwambiri etalon ikusuntha, ndipo munditumizire ma residual anu (kusiyana kwa model ndi zimene mwayeza) ndiwaone.