Bwalo la Kyalami lija linaonapo zazikulu

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Midrand, ku Joni. Akuti popita kuntchito amadutsa pafupi ndi bwalo la mipikisano ya galimoto la Kyalami, ndipo masiku ena amamva injini zikubangula. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi nzoona kuti Formula 1 inkachitikira pamenepa? Inachokeranji? Nanga munthu wakuda ali ndi gawo pa masewera amenewa?"

Achimwene, nzoona ndithu, kungoti nkhaniyi sinayambire ku Kyalami. Mpikisano woyamba wa South African Grand Prix unachitikira ku East London mu 1934, ndipo Whitney Straight ndiye anapambana pa Maserati. Masiku amenewo ankangotseka misewu wamba, galimoto nkumathamanga momwemo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaimitsa zonse. Mu December 1962 mzinda womwewo unalandira mpikisano wotsekera chaka wa Formula 1, ligi yapamwamba kwambiri ya galimoto zothamanga pa dziko lonse. Jim Clark anali patsogolo mpaka injini yake itayamba kudontha oilo, ukatswiri wa dziko lonse nkupita kwa Graham Hill.

Kyalami inatsegulidwa mu 1961, ndipo Formula 1 inasamukirako mu 1967. Mpikisano woyambawo ndi umene ine sinditopa kuufotokoza. John Love wa ku Bulawayo, bambo wa zaka zoposa 40, anabwera ndi galimoto ya Cooper yakale yaying'ono injini, atangoiwonjezera mathanki a mafuta. Akatswiri a ku Ulaya galimoto zawo zinkawonongeka imodziimodzi, iye ali phee kutsogolo. Kutatsala pang'ono kuti amalize, mafuta anamuvuta, nkupatuka kukathira ena. Pedro Rodríguez anadutsa, Love nkukhala wachiwiri. Zowawa, koma mpaka lero anthu amamukumbukira kuposa amene anapambana.

Bwaloli lili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja. Mpweya wakumeneko ndi wopepuka, choncho injini wamba zimachepa mphamvu, pomwe za turbo sizivutika kwenikweni. Linaonanso maliro. Mu 1977 Tom Pryce anagunda mnyamata wa zaka 19 amene ankawoloka msewu atanyamula chozimitsira moto, onse awiri nkufera pomwepo.

Mwana wa South Africa amene anafika pamwamba penipeni ndi Jody Scheckter wa ku East London. Anapambana ku Kyalami mu 1975 pa galimoto ya Tyrrell, ndipo mu 1979 anakhala katswiri wa dziko lonse pa Ferrari. Kampaniyo inadikira mpaka 2000 kuti Michael Schumacher aibweretsere ulemu ngati umenewo.

Chinachotsa Formula 1 poyamba ndi tsankho. Mu 1985 dziko lili pa moto, matimu a Renault ndi Ligier a ku France anakana kupita, ndipo utatha mpikisano wa chaka chimenecho Formula 1 inanyamula katundu. Inabwerera mu 1992 ndi 1993 Nelson Mandela atatuluka m'ndende, koma ulendo uno chinaipha ndi ndalama. Alain Prost ndiye anapambana womalizawo. Chichokereni nthawi imeneyo Africa yense sanalandirenso Formula 1. Bwalolo linagulitsidwa pa okishoni mu 2014 pa mtengo wa R205 miliyoni, ogulawo nkulikonzanso bwino, ndipo nkhani yobwezeretsa mpikisano imamveka chaka ndi chaka. Ine ndidzakhulupirira ndikadzaona matikiti ali pamsika.

Kunena zoona, South Africa yakolola zambiri pa njinga zamoto kuposa pa galimoto, ngakhale sizitchulidwa kwambiri. Kork Ballington anatenga zikho zinayi za dziko lonse pa Kawasaki, cha 250cc ndi cha 350cc, mu 1978 ndi 1979. Chaka chotsatira Jon Ekerold anatenga cha 350cc wopanda kampani yaikulu kumbuyo kwake. Kuyambira 1999 mpaka 2004 mipikisano ikuluikulu ya njinga inkachitikira pa bwalo la Phakisa ku Welkom, ndipo mpabwalo limeneli pomwe Valentino Rossi anapambana mpikisano wake woyamba atangolowa Yamaha. Lero kuli Brad Binder, katswiri wa Moto3 (gulu la njinga zazing'ono injini) mu 2016, amene anapambana ku Brno, m'dziko la Czech, mu 2020 pa mpikisano wake wachitatu chabe wa MotoGP, gulu lapamwamba kwambiri la njinga.

Tsopano funso lanu lomaliza. Mayina onse ndatchula a dzikolo ndi a azungu, ndipo sizinangochitika mwangozi. Masewerawa amafuna mwana ayambe ali wamng'ono pa timagalimoto ta kart, bambo ake akulipira matayala, mafuta ndi amakaniko. Malamulo a tsankho ndi umphawi zinatseka khomo limenelo kwa anthu ambiri. Koma anthu a m'makomboni sanakhale manja lende. Ku Soweto anayambitsa zawozawo, zozungulitsa galimoto pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi, woyendetsa nkutuluka pawindo galimoto ikuzungulirabe. Amati spinning, ndipo galimoto yake ndi BMW 325i yakale ija amaitcha gusheshe. Zinayambira m'misewu ndi pa maliro, apolisi akuthamangitsa, koma lero ndi masewera ovomerezeka, ochitikira m'mabwalo otchinga, ndipo atsikana nawonso akuwongolera. Funsani anzanu akuntchito komwe zikuchitika Loweruka likubwerali, mukaonere muli kuseri kwa mpanda.