Za ma usher a ku masewera ogwetsana a pa koleji

Achemwali, nkhani yanu ili pawiri. Mwati munapita kukaonerera mwana wanu akugwetsana pa koleji ina kuno ku America, ma usher (anthu olondolera oonerera ku mipando yawo) anakusamutsani pa mpando wa kumunsi pafupi ndi mat yomwe amagwetsanirapo, kenako wina anabwera kudzakuuzani kuti muchepetse phokoso, pomwe a timu ya pakhomo ankakuwa mmene afunira. Choyambacho musachiike kumtima. Chachiwiricho ndiye chosayenera.

Mipando ya kumunsi nthawi zambiri imakhala ndi eni ake, anthu ogula matikiti a sizoni yonse ndi omwe amathandiza timu ndi ndalama. M'madera ena masewerawa ndi nkhani yaikulu. Mu 2015, timu ya yunivesite ya Iowa itakumana ndi ya Oklahoma State pa bwalo la Kinnick Stadium, panali anthu 42,287. Ngakhale mpando uoneke wopanda munthu, usher ali ndi mphamvu yokubwezani pomwe tikiti yanu ikunena.

Koma kukuwa? Masewerawa ndi okuwa kumene. Ndewu imodzi ndi ya mphindi 7 zokha, ndipo pamakhala ndewu 10, kuyambira olemera mapaundi 125 mpaka 285. Wina akayamba kuzembazemba m'mphepete mwa mat, holo yonse imakuwira refa kuti "stalling!", ndipo mnyamata akagwetsa mnzake mumaona zala zitatu m'mwamba, popeza kuyambira 2023 kugwetsa kumapatsa mapointi 3, osati 2 ngati kale. Choletsedwa ndi kutukwana, kunyoza mtundu wa munthu, kuponya zinthu ndi kulowa pa mat. Ngati simunachite chimodzi mwa izi, panalibe chifukwa chokukhalitsirani chete.

Gwero la vutoli n'lakuti ogwira ntchito pa holoyo ndi a sukulu ya pakhomo. Ambiri ndi ophunzira kapena achikulire ogwira ganyu, ndipo bambo wovala juzi ya timu yawo, yemwe amakhala pa mzere womwewo chaka ndi chaka, amamudziwa mpaka dzina. Akakalipa iye, ma usher amangomwetulira, mukakalipa inu mlendo akuti mukusokoneza. Sikuti onse ndi oipa mtima, koma kukondera ndi kukondera basi.

Tsiku lina musalimbane ndi usher, chifukwa akaitana achitetezo wotuluka ndi inuyo, ndewu ya mwana n'kukupitani. Mufunseni mofatsa kuti mwaphwanya lamulo liti, ndipo pemphani kulankhula ndi supavaiza wake. Lembani nambala ya section, mzere ndi nthawi yake. Mukafika kunyumba tumizani imelo ku athletics department (ofesi ya zamasewera) ya sukuluyo, ndipo muwadziwitsenso a kochi a mwana wanu, pakuti iwo amadziwana ndi anzawo a mbali inayo.

Mwanenanso kuti mwina anakutolani chifukwa cha khungu ndi kayankhulidwe. Zimachitika, koma onetsetsani kaye ngati makolo ena a timu ya alendo anauzidwanso zomwezo. Ngati munali inu nokha, lembani zimenezo mosapsatira mu imeloyo. Lamulo la Civil Rights Act la 1964, gawo la Title VI, limaletsa sukulu yolandira ndalama za boma la federal kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena dziko lomwe anachokera, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi ofesi yolandira madandaulo otere.