Kodi ndisiye maoda n'kuyamba kupangiratu mipando yogulitsa?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine kalipentala, ntchitoyi ndaigwira zaka 9 ndipo ndili ndi anyamata awiri ondithandiza. Ntchito yathu yonse ndi ya oda: munthu abwera ndi chithunzi pafoni, tiyeza, tigwirizana mtengo, apereka dipoziti, ife n'kupanga. Vuto ndi lakuti mwezi wina maoda amachita kuthithikana, mwezi wina timangosesa utuchi. Ndikuganiza zosiya maoda, ndizipangiratu matebulo, mabedi, makabati ndi mashelefu kuti anthu azingofika n'kugula. Kodi nditenge ngongole ndigule makina?

Yankho: Bambo, maganizo anuwa ndi abwino, ndipo amisiri ambiri atukuka podzera njira yomweyi. Koma ngongoleyo iyambe yadikira, maodawonso musawasiye msanga.

Pa ntchito ya oda, mpamba umachokera m'thumba la kasitomala. Akapereka dipoziti, mumakagula matabwa, guluu ndi vanishi ndi ndalama zake, ndipo chilichonse chimene mukukhoma chili kale ndi mwini wake. Mukayamba kupangiratu, zinthu zimatembenuka. Matabwa mugula ndi zanu, anyamata muwalipira ndi zanu, ndipo tebulo likatha limakakhala pakona n'kumatola fumbi, kudikira munthu amene simukumudziwa. Tebulo limenelo ndi ndalama zanu zimene zagona, pomwe lendi ndi malipiro a anyamata sizidikira. Mukawonjezerapo ngongole ya makina, ndiye kuti mwezi ukatha odzakugogodani achuluka, koma wokubweretserani dipoziti palibe. Maoda ndi amene adyetse ntchito yatsopanoyi mpaka itaima payokha.

Mwatchula zinthu zinayi nthawi imodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Yambani ndi chimodzi. Tsegulani buku lanu la maoda a zaka ziwiri zapitazi, muone chimene anthu akhala akuchifuna mobwerezabwereza osasintha zambiri. Chikhale chinthu chimene muyeso wake sudalira nyumba ya munthu, chopepuka kunyamula, ndipo ngati n'kotheka chotha kupangidwa ndi zidutswa zotsala pa maoda aakulu. Katebulo ka pambali pa bedi, kampando, shelefu ya nsapato, zoterozo. Kabati ya kukhitchini isiyeni ikhale ya oda, chifukwa khoma lililonse lili ndi muyeso wake.

Pali mmisiri wina amene nkhani yake ndimakonda kuwauza akalipentala. Michael Thonet, amene ankagwira ntchito ku Vienna, anatulutsa mpando wake wotchedwa Nambala 14 m'chaka cha 1859. Mpandowo unali wa zidutswa 6 za mtengo wopindidwa ndi nthunzi, zolumikizidwa ndi masikuluwu 10 ndi manati awiri. Popeza unkatumizidwa usanamangidwe, mipando 36 inkakwana m'bokosi la mita imodzi mbali zonse. Pofika 1930 inali itagulidwa pafupifupi 50 miliyoni. Chimene ndikufuna muone apa si mamiliyoniwo ayi. Taonani kuchepa kwa zidutswazo. Mmisiriyu anachotsa chilichonse chimene chikanachedwetsa ntchito, mpaka panatsala mpando woti wantchito aliyense wophunzitsidwa akhoza kuupanga mofanana lero ndi mawa.

Apa ndi pamene amisiri aluso amavutika, ndipo ndimawamvetsa. Dzanja lanu linazolowera kuti chinthu chilichonse chikhale ndi kukoma kwakekwake. Koma katundu wopangiratu amafuna kuti mwendo wa nambala 40 ufanane ndi woyamba. Ndiye tengani tsiku lathunthu, musapange kanthu kogulitsa, mungokonza zoyezera. Dulani patani ya chidutswa chilichonse pa pulaiwudi, mulembepo dzina ndi muyeso, muikoleke pamsomali. Khomani kathabwa koimitsira pabenchi kuti mnyamata akamadula miyendo azingogunditsa thabwa pamenepo, osatenganso tepi ndi pensulo nthawi iliyonse. Mukatero muzidula miyendo yonse kamodzi, kuboola yonse kamodzi, kupala yonse kamodzi. Phindu la ntchito yotereyi limabisala mu nthawi imene kale inkathera kuyeza, kusintha makina ndi kufunafuna chida.

Pangani 10 okha poyamba, wotchi ili pafupi. Lembani maola amene apita pa kudula, kulumikiza, kukwecha ndi sandipepa ndi kupaka vanishi. Ambiri amadabwa kuona kuti kukwecha ndi kupaka n'kumene kumadya nthawi kuposa kudula. Mukadziwa pamene ntchito ikutsamwa, mudziwanso makina oyenera kugula, mwina n'kupeza kuti si aja munkawaganizira aja.

Pa mtengo, werengerani matabwa pamodzi ndi otayika podula, misomali, guluu, vanishi, malipiro a anyamata, gawo la lendi ndi magetsi, ndiponso malipiro anu. Inde, anu. Kalipentala wosadziwerengera malipiro amaona ngati akupindula, chikhalirecho akungogwira ntchito yaulere. Ngati mudzafune kupikulitsa kwa eni mashopu, dziwani kuti iwonso adzafuna gawo lawo, nthawi zina lofika theka la mtengo umene wogula amalipira. Mtengo wopikulitsirawo ukapanda kukusiyirani phindu, chinthucho muzigulitsa nokha kapena musinthe kapangidwe kake.

Chenjeraninso ndi matabwa aawisi. Pa oda, thabwa losauma likapindika mumakonza tebulo limodzi n'kupepesa munthu mmodzi. Mukapangiratu, cholakwa chomwecho chimabwera kakhumi, ndipo onse khumiwo ali ndi dzina lanu. Mipando ya m'nyumba imafuna matabwa amene chinyezi chake chatsika kufika cha m'ma 12 peresenti kapena kucheperapo. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kakang'ono, kokwana m'thumba, ndipo ine ndingakulangizeni kugula kameneka makina aakulu asanabwere.

Ndalama za katundu watsopanoyu zikhale ndi buku lakelake, zisasakanikirane ndi madipoziti a anthu. Dipoziti ya bedi la munthu mukagulira matabwa a timipando, tsiku lomupatsa bedi lake lidzakupezani mulibe poyambira.

Khumi oyambawo akagulidwa onse, onani masiku amene atenga, ndipo funsani ogulawo chimene chawakopa ndi chimene akanakonda chitasintha. Akatha msanga, pangani 20 ndi ndalama zomwe zabwerazo. Akakhala miyezi itatu osayenda, mwataya zochepa ndipo maoda akadalipo, yesani china. Tsiku limene katundu wopangiratuyu adzalipire yekha lendi ndi malipiro a anyamata kwa miyezi 6 yotsatizana, mudzandilemberenso tidzakambirane za ngongole ya makina, komanso maoda amene mungayambe kuwakana.