Feteleza wokokoloka ndi ndere zapoizoni

Mlimi wina wafunsa kuti: "Alangizi, tikumva kuti mbalame ndi nyama za kugombe zikufa chifukwa cha ndere. Nanga ife alimi zikutikhudza pati?"

Zikukukhudzani ndithu, bambo. Ndere zimadya zomwe mbewu zanu zimadya, nayitrojeni ndi fosiforasi. Mukamwaza feteleza pamwamba mvula yamphamvu ili pafupi, kapena khola likakhala m'mbali mwa mtsinje, chakudyacho chimakokoloka mpaka kunyanja. Madzi akafunda, ndere zimaswana mpaka nyanja kusintha mtundu. Zikafa n'kuwola zimamaliza mpweya, nsomba n'kubanika. M'nyanja yotchedwa Gulf of Mexico, kumene mtsinje wa Mississippi wa ku America umathira madzi ochokera m'minda, chaka ndi chaka pamakhala dera lalikulu lopanda mpweya wokwanira.

Choopsa kwambiri n'chakuti mitundu ina ya ndere ili ndi poizoni. Ina yotchedwa Pseudo-nitzschia imatulutsa poizoni wotchedwa domoic acid. Tinsomba timadya nderezo, mbalame ndi nyama zikuluzikulu n'kudya tinsombato, ndipo poizoniyo amakagwira ubongo. Mu 1998 nyama za m'nyanja zotchedwa sea lion zoposa 400 zinafa motere m'gombe la California ku America. Anthunso sapulumuka: mu 1987 ku Canada atatu anamwalira atadya nkhono za m'nyanja zochokera ku chilumba cha Prince Edward Island. Kuphika sikuthetsa poizoni ameneyu.

Sindikunena kuti mlandu wonse ndi wa mlimi ayi. Zonyansa za m'mizinda, kutentha kwa madzi ndiponso kayendedwe ka nyanja zilimo. Koma gawo lanu mulikonze: kwirirani feteleza, thirani muyezo woyenera, limani mizere yopingasa, ndipo m'mbali mwa mtsinje musiyemo udzu ndi mitengo kuti zigwire dothi. Feteleza wopita ndi madzi munagula ndinu, mbewu osalawako.

Mayi wina akuti: "Ndikapeza nyama yodwala pagombe, ndiibwezere m'madzi?"

Ayi mayi, musatero. Nyama yogwidwa ndi poizoniyu imagwedeza mutu, imatuluka thovu kukamwa, nthawi zina imagwa ngati ya khunyu. Mukaikankhira m'madzi imamira, ndipo yosokonezeka chonchi imaluma. Imani patali, mangani agalu, itanani oyang'anira nyama zakutchire. Kumalo osamalira nyama, monga The Marine Mammal Center ku Sausalito m'chigawo cha California, amaipatsa madzi m'thupi kuti poizoni atuluke ndi mkodzo, mankhwala oletsa kukomoka, ndi nsomba zabwino. Ikachira amaibwezera kunyanja, ngakhale zina ubongo umakhala utawonongekeratu.

Ziwetonso muzisamale. M'madamu ndi m'maiwe mumabuka ndere zina zobiriwira ngati penti, zowononga chiwindi, ndipo ng'ombe ikhoza kufa tsiku lomwelo. Madzi otere musamwetse ziweto, ngakhale mutawawiritsa.