Mangirani njerwa zopanikiza ndi makina, koma musamale ndi madzi

Achimwene, pa nyumba ya zipinda zitatu mukufunayo, sankhani njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza ndi makina zija amati SSB, osati zootcha. Ine ndinamangira zomwezi. Zimatuluka zofanana, khoma limaongoka, ndiye simenti yomangira imalowa yochepa, ndipo kunja sitinapake pulasitala n'komwe. Chinanso chimene chimandikhudza mtima n'chakuti simudula mtengo ngakhale umodzi wootchera uvuni. Mitengo yatha, n'chifukwa chake mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu.

Koma pa kuumitsa musathamange. Zisanjeni pamthunzi, zifunditseni, muzizithirira madzi, zikhwime masiku 28 musanamangire. Zanga zoyamba ndinaziyanika padzuwa, zambiri zinang'aluka.

Mdani wa njerwazi ndi madzi. Kwezani maziko, yalani pulasitiki pamwamba pake musanayambe khoma, ndipo malata atulukire kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khomalo.

Musanakumbe, itanani injiniya adzaone dothi loumbiralo komanso malowo, makamaka ngati puloti yanu ili motsetsereka kapena kudambo. Nyumba za m'mphepete mwa phiri la Soche n'zimene namondwe wa Freddy anakokolola mu 2023.