Login ya Django pa kompyuta imodzi ya anthu ambiri

Wina wandilembera imelo, akuti wapanga kasisitimu ka Django (chida cha Python chopangira mawebusayiti) kosungira ngongole za mamembala pa SACCO yawo, makalaliki onse amalowera pa kompyuta imodzi ya mu ofesi, ndiye munthu akanyamuka osapanga logout wobwera pambuyo amangopeza akaunti ya mnzake ili chitsegukire, ngakhale mawa lake. Akufunsa kuti asinthe chani mu settings.py, komanso ngati anthu angamalowe ndi nambala ya foni poti ambiri alibe imelo.

Achimwene, Django sikulakwitsa ayi, ikungoganiza kuti aliyense ali ndi laputopu yakeyake. SESSION_COOKIE_AGE, yomwe imanena kutalika kwa nthawi imene login ikhale chitsegukire, mukapanda kuikhudza imakhala 1209600, amenewo ndi masekondi, masabata awiri athunthu. Ikanipo 1800, mphindi 30 basi. Koma musalekere pomwepo, onjezerani SESSION_SAVE_EVERY_REQUEST = True kuti nthawi iziyambiranso munthu akadina chinthu, apo bii kalaliki adzatulutsidwa ali mkati molemba risiti membala ataima pa kauntala, ndipo foni yodandaula ibwera kwa inu. Palinso SESSION_EXPIRE_AT_BROWSER_CLOSE = True, yotulutsa munthu akatseka browser, ikeni, kungoti musaidalire kwambiri chifukwa Chrome ikatcheredwa kuti izitsegula pomwe munalekezera imabwezanso ma cookie, tizidutswa tokumbukira amene walowa, ngati sipanachitike kanthu.

Za nambala ya foni zimatheka. Njira yake yeniyeni ndi kupanga user model yanu ndi AbstractBaseUser, USERNAME_FIELD nkukhala nambalayo, kenako kuiloza mu AUTH_USER_MODEL, koma izi zimakoma musanapange migrate yoyamba, ija imapanga matebulo mu database. Inu sisitimu ikugwira kale ntchito, muli ndalama za anthu mmenemo, ine sindingakuuzeni kuti muyambe kugwedeza matebulo. Ingosungani nambalayo mu username momwemo, Django imalola manambala ndi chizindikiro cha + pamenepo. Chomwe chizakuvutani ndi kalembedwe, wina ayamba ndi 099, wina +265, wa TNM uja alemba 088 nkusiya mipata pakati, kwa kompyuta amenewo ndi anthu osiyana. Sankhani kalembedwe kamodzi, muzikonza nambala polembetsa ndi polowa pomwe. Ndipo poti imelo palibe, kalinki ka "ndaiwala pasiwedi" sikathandiza aliyense, admin ndi amene azisintha, mwini wake atabwera yekha.

Pali china simunafunse koma ndichinena. Django payokha siletsa munthu kuyesa mapasiwedi kambirimbiri, atha kuyesa usiku onse. Ambiri timaika django-axes, yomwe imatseka munthu akalephera katatu. Apa ndiye samalani zedi, chifukwa mukangoisiya mmene yabwerera imatseka potengera IP, adiresi ya netiweki yanu pa intaneti, ndiye ofesi yanuyo nonse muli pa IP imodzi, mmodzi akaiwala pasiwedi Lolemba mmawa onse atsekeredwa panja. Mu AXES_LOCKOUT_PARAMETERS muikemo username mmalo mwa IP, ndipo AXES_COOLOFF_TIME, nthawi yoti loko achoke, muipatse ola limodzi, mukapanda kutero loko wake sachoka yekha mpaka mukatsegule pamanja.

Za mapasiwedi enieniwo musavutike nazo, Django imawasunga ndi PBKDF2, njira yowasokoneza kuti asawerengeke, ndipo AUTH_PASSWORD_VALIDATORS imakana kale afupi osakwana zilembo 8 ndi odziwika ngati 12345678. Osazichotsa chabe chifukwa abwana adandaula kuti pasiwedi yawo ikukanidwa.

SESSION_COOKIE_SECURE ndi CSRF_COOKIE_SECURE, zomwe zimapangitsa ma cookie kuyenda pa HTTPS pokha, zikhale True, koma pokhapokha HTTPS ilipo, satifiketi ya Let's Encrypt ndi yaulere. Mukaziyatsa pa http wamba login imangokana kapena kukubwezani pa peji yomweyo pasiwedi ili yolondola, mutha kutaya tsiku lonse mukusaka vuto mu code. Mukamaliza zonsezi thamangitsani python manage.py check --deploy pa seva, ikuuzani zomwe zatsala, kuphatikizapo DEBUG ngati munaisiya ili True.